Tifunseni Aphunzitsi: Kodi obwera tiwasungire mipando mu VDC?

FUNSO

Aphunzitsi,

Ndine bambo wa zaka 52. Kwathu ndi ku Phalombe, koma ndinakwatira m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi ndipo ndatha zaka 23 ndili pachikamwini. Ana anga onse asanu anabadwira pano. Manda ndakumba nawo, njerwa za sukulu ndaumba nawo, msewu ukakumbika ndi mvula khasu langa silisowa. Koma chikafika chisankho cha VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ife akamwini ndi anzathu amene anabwera kudzagwira ntchito m'zilimira timauzidwa kuti izi nza eni mudzi. Mipando yonse imathera kwa abale a mfumu. Mjigo umene tinaulirira zaka zambiri unakumbidwa kuseri kwa nyumba ya alongo awo a gulupu, ife akumtunda akazi athu akutungabe kunyanja.

Mwana wanga amene ali ku koleji anatiuza kuti ku India lamulo limasungira anthu onyozeka mipando m'makhonsolo a m'midzi. Tinapita pabwalo kukapempha kuti mipando itatu ikhale ya obwera. Chiyambire tsiku limenelo mudzi wagawikana. Ena asiya kutipatsa moni, ndipo pa sadaka ya mwezi watha anatiyalira mphasa patokha. Apongozi anga akuti ndabweretsa tsankho pamudzi pomwe panalibe. Kodi za ku Indiazo nzoona? Zinawathandiza? Kapena ndalakwa?

Mkamwini wa kunyanja, Mangochi

YANKHO

Achimwene, ndiyambe ndi mawu a apongozi anuwo poti ndikudziwa kuti ndi amene akukusowetsani tulo. Tsankho simunabwere nalo ndinu. Linalipo kale tsiku lija mjigo unkakumbidwa kuseri kwa nyumba imodzi, inu mwangolitchula dzina pagulu. Koma pempho lanulo, mmene munaliikiramo, ine ndili nalo mantha, ndipo ndifotokoza chifukwa chake tikaona kaye za ku India.

Mwana wanu sananame. Kumeneko munthu amabadwira m'gulu lake, limene eni ake amati jati, Azungu amati caste. Musaliyerekeze ndi mitundu yathu kuno. Ayao, Alomwe, Angoni, Anyanja tili ngati minda yoyandikana: malire alipo, nthawi zina timakanganirana, koma palibe munda umene uli pamwamba pa unzake. Magulu a ku India anayalidwa ngati makwerero. Pamwamba pali a Brahmin, omwe mwa mwambo ndi ansembe, ndipo pansi penipeni pali anthu amene kale ankatchedwa osayenera kukhudzidwa, lero amadzitcha a Dalit. Ntchito zawo zinali zimene ena ankanyansidwa nazo, monga kusenda nyama zakufa zokha, kusesa ndi kuwola zonyansa za m'zimbudzi. Nyumba zawo zinkakhala kumapeto kwa mudzi, pachitsime cha onse sankatunga, m'kachisi sankalowa. Mwana wa Dalit amakhala Dalit, mdzukulunso chimodzimodzi, chifukwa ukwati nthawi zambiri umachitika m'gulu lomwelo.

Malamulo oyendetsera dziko la India, amene anayamba kugwira ntchito mu 1950, analetsa mchitidwe wosala anthuwu. Amene anatsogolera komiti yolemba malamulowo, B.R. Ambedkar, anali Dalit. Ali mwana, kusukulu ankakhala payekha pa chiguduli chochoka nacho kunyumba, ndipo madzi ankamwa pokhapokha wantchito wa pasukulupo amuthirire kuchokera m'mwamba kuti asakhudze chomwera. Ine amene ndagwira choko zaka zoposa makumi atatu, nkhani imeneyi imandikhala pakhosi nthawi zonse ndikaikumbuka. Ndiye simungadabwe kuti pamene Mahatma Gandhi, mtsogoleri womenyera ufulu wa dzikolo, ankatamanda mudzi kuti ndiwo mtima wa India, Ambedkar ankauona mudzi ngati phanga la umbuli ndi tsankho. Ankadziwa amene amalamula pabwalo la m'mudzi boma likatalikira.

Lamulo limene mwana wanu akunena linabwera mochedwa. Mu 1992 Nyumba ya Malamulo ya India inasintha malamulo oyendetsera dziko kachi 73, ndipo kusinthako kunayamba kugwira ntchito mu Epulo 1993. Kuyambira pamenepo makhonsolo a m'midzi, omwe amatchedwa panchayat, ayenera kusankhidwa zaka zisanu zilizonse. Mipando ina imasungidwira a Dalit ndi mitundu ya anthu okhala m'nkhalango ndi m'mapiri, molingana ndi kuchuluka kwawo m'deralo. Kalembera wa 2011 anapeza kuti a Dalit ndi 16.6 peresenti ya anthu onse m'dzikomo, mitundu inayo 8.6 peresenti. Ngakhale mpando wa wapampando, amene m'madera ambiri amamutcha sarpanch, umasungidwa m'midzi ina, ndipo kusungako kumazungulira: ulendo uno mudzi uwu, ulendo wina mudzi uwo. Amayi nawonso anawasungira gawo limodzi mwa magawo atatu a mipando. Dera la Bihar linakweza gawo la amayi kufika theka mu 2006, madera ena ambiri nkutsatira.

Kodi zinathandiza? Zinathandiza, ndipo aliyense amene angakuuzeni kuti sizinasinthe kanthu akunama. Amayi oposa miliyoni imodzi ali m'mipando ya makhonsolo a m'midzi m'dziko limenelo. Akatswiri awiri a zachuma, Raghabendra Chattopadhyay ndi Esther Duflo, anafufuza midzi ya ku West Bengal ndi Rajasthan ndipo mu 2004 anatulutsa zimene anapeza: kumene wapampando anali mayi, ndalama zambiri zinkapita ku madzi akumwa, ndipo kumene anali Dalit, zitukuko zambiri zinkafika kumbali ya mudzi kumene kumakhala a Dalit. Mwauona mjigo wanu uja pamenepo? Amene wakhala pampando ndi amene amaloza pokumba.

Koma walira mvula walira matope. Ku Melavalavu, m'boma la Madurai ku Tamil Nadu, mpando wa wapampando unasungidwira a Dalit mu 1996. A magulu apamwamba anakana, anaopseza, chisankho chinasokonezedwa kangapo, komabe bambo wina dzina lake Murugesan anapambana. Mu Juni 1997 anthu anaimitsa basi imene iye anakwera nkumupha ndi zikwanje pamodzi ndi anzake angapo. M'boma lomwelo, midzi ya Pappapatti ndi Keeripatti inatha pafupifupi zaka khumi mipando yosungidwayo ili yopanda mwini weniweni: mwina palibe amene ankalimba mtima kuima, mwina wosankhidwayo ankatula pansi udindo atangolumbira. Ngakhale mu 2020 chithunzi chinawanda cha mayi wa chi Dalit, wapampando wa khonsolo ya m'mudzi m'boma la Cuddalore, atakhala pansi pa msonkhano umene iye yemwe amayenera kutsogolera, ena onse ali pamipando.

Zimenezo nzoopsa, koma chimene ndikufuna muchisinkhesinkhe kwambiri ndi china chosachita phokoso. Mpando ukasungidwa, amavotera ndani? Funso limeneli linawazunguza mitu kalekale, mu 1932. Ambedkar ankafuna kuti a Dalit azisankha okha owaimira, ndipo boma la Angerezi linavomera. Gandhi, ali m'ndende, anayamba kusala kudya ponena kuti zimenezo zigawa anthu mpaka kalekale. Anagwirizana ku Poona kuti mipando isungidwe ndithu, koma ovota akhale onse. Mpaka lero ndi mmene zilili. Zotsatira zake m'midzi yambiri nzakuti eni minda ikuluikulu, poona kuti mpando sangaukhale okha, amaimika wantchito wawo amene ali ndi ngongole kwa iwo, nkumuvotera. Dzina ndi chala chodinda ndi zake, mawu ndi a bwana wake.

Tsopano bwererani kumudzi kwanu. Tinene kuti a gulupu avomera, mipando itatu ndi ya obwera. Akavota onse, eni mudzi ndi ambiri, ndipo adzasankha mkamwini uja amene amapalasa bwato la achimwene awo a mfumu, amene sangatsegule pakamwa poopa kutsitsidwa m'chilimira. Inu amene munayankhula pabwalo simudzaununkha mpandowo. Mukati obwera avote okha, ndiye kuti mudzi ukhala ndi mabuku awiri, la eni ndi la alendo, ndipo wina ayenera kukhala pansi nkulemba kuti uyu apite buku ili, uyu buku ilo.

Apa ndi pamene pali mantha anga. Wobwera ndani ku Mangochi? Ayao anafika kuno m'zaka za m'ma 1800 kuchokera cha ku Mozambique, anapeza Anyanja. Alomwe anabwera pambuyo pake. Atonga anatsika ndi makoka awo kutsata nsomba. Ndipo pali nkhani ina imene sitiikamba masana. Nthawi ya malonda a akapolo, pamene anthu ankadutsa kwa Mponda ndi kwa Makanjira kupita kugombe la nyanja ya mchere, si onse anagulitsidwa kutali. Ambiri anatsala m'midzi, anakwatiwa, anabereka. Akuluakulu amadziwa kuti mbumba iyi inachokera kwa ndani, ndipo mawu oti kapolo amatuluka pokhapokha pa mkangano wa ufumu, akatuluka anthu saonana m'maso chaka chathunthu. Mukayamba kulemba m'buku magwero a anthu, manda amenewa adzafukulidwa.

Chimene ife tili nacho, chomwe a Dalit alibe, nchakuti dzina la wobwera limatha. Inu ndinu mkamwini, inde, koma ana anu asanu aja ndi eni mudzi kudzera mwa mayi awo. Mwana wanu wamkazi adzakhala ndi mkamwini wake pabwalo lomwelo. Ku India kusungirana mipando kunabwera chifukwa khoma lake silinkagumuka ndi ukwati kapena ndi zaka, ndipo mtengo wake ngwakuti munthu ayenera kukhala ndi chikalata cha boma chotchula gulu lake. Zafika poti magulu ena amene si osauka kwenikweni, monga a Patidar ku Gujarat mu 2015 ndi a Jat ku Haryana mu 2016, anachita zionetsero zoopsa kufuna kuti nawonso alembedwe m'gulu la otsalira pa chitukuko, amene boma limawasungira malo. Ifenso tinalawako kuno ndi kota ya ku yunivesite, imene inkayang'ana boma lochokera mwana. Inathetsedwa mu 2020, koma mabala ake m'mitima ya anthu sanapole. Sindikufuna kuti mudzi wanu ulembe ndi inki chinthu chimene chikanafufutika chokha mwa ana anu.

Ndiye ndikunena kuti mukhale chete? Ayi ndithu. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lathu limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, chipembedzo, chilankhulo kapena kumene anabadwira. VDC si bwalo la ufumu. Ufumu uli ndi eni ake ndipo inu simukuufuna, koma komiti ya chitukuko ndi ya aliyense wokhala m'mudzimo, ndipo mfumu malo ake mmenemo ndi a ulangizi. Chinatisokoneza nchakuti titasankha makhansala mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 tinakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha 2014. Zaka zimenezo makomiti ambiri anazolowera kuyang'ana nkhope ya mfumu basi, ndipo chizolowezicho sichinachoke.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Ndikuphunzitsa pa sukulu ina kufupi ndi nyanja ya Malombe, ankandiitana kukawerenga anthu pa chisankho cha komiti, poti aphunzitsi amadziwa masamu. Ofuna mpando ankaima pansi pa mtengo wa mango atafulatira, anthu nkumakandanda kumbuyo kwa amene akumufuna. Ofunawo sankaona, koma mfumu ndi nduna zake anali pamipando pomwepo, akuona aliyense. Ndimakumbukira mayi wina wachitsikana, mwana kumbuyo, amene anayamba kulunjika kumzere wa bambo wina wa m'makoka. Atatsala pang'ono kufika anacheuka, maso ake anakumana ndi a amalume ake. Anawerama ngati akukonza chitenje, nkukhotera kumzere winawo. Ine ndinamuwerenga kumene anaimako, ndipo usiku umenewo ndinadziona kuti ndawerenga bodza.

Ulendo wotsatira ndinakana kuwerenga mizere. Tinagwirizana ndi alangizi a chitukuko kuti tiike zitini m'kalasi, chilichonse chili ndi chithunzi chake, china bwato, china khasu, china nsomba, poti ambiri sankatha kuwerenga. Aliyense ankalandira kapepala kokhala ndi chidindo cha sukulu, nkulowa yekha. Panalibe mpando wosungidwira munthu, koma bambo wa m'makoka uja anapambana, ndipo mavoti ake anaposa chiwerengero cha obwera onse a m'mudzimo. Eni mudzi ambiri anali atatopa nawo abale a mfumu, ankangosowa pobisala.

Musaganize kuti zinathera pamenepo. Misonkhano itatu yoyamba bamboyo ankakhala pansi pafupi ndi chitseko, benchi ili ndi malo, chipewa chili m'manja. Akafunsidwa maganizo ankati, "Zimene anena akuluakuluzo." Zinatengera anzake a kudoko kumaperekeza, kukhala panja pa zenera kuti adziwe kuti sali yekha, kuti tsiku lina afunse kuti matumba a simenti awiri apita kuti.

Choncho bwererani pabwalo, koma ndi pempho lina. Musatchulenso mawu oti obwera. Pemphani kuti mipando igawidwe potsata malo: akumtunda akhale ndi wawo, akudoko wawo, apakati wawo, aliyense wosankhidwa ndi anthu okhala naye pafupi. Kumtunda kumene kulibe mjigo kuli akamwini, komanso kuli eni mudzi amene akazi awo akutunga kunyanja limodzi ndi akazi anu, ndipo amenewo adzaima nanu. Pemphani mpando wa alovi, ogwira ganyu m'mabwato a asodzi, ndi wa amayi oyanika usipa, chifukwa ntchito munthu amalowa nkutuluka, sabadwa nayo. Ku Malombe makomiti a m'madoko, ma BVC, anayamba mu 1993, ndipo kumene eni zida okha ndi amene anadzaza komiti, malamulo a nyengo yotseka nyanja ankavuta kusunga, poti opalasa sankawaona ngati awo. Koposa zonse, limbikirani voti yachinsinsi, ndipo mayina a olandira makuponi kapena Mtukula Pakhomo aziwerengedwa mokweza pagulu. Khansala wanu ndi alangizi a chitukuko a m'dera lanu muwadziwitse msonkhano usanachitike, kuti adzakhalepo.

Pempholi lisatuluke pakamwa panu. Mayi a kunyumba kwanu ndi mwini mudzi, madzi amatunga ndi iwo, ndipo alongo awo ndi amene ali ndi mawu pa mbumbayo. Iwo akanena kuti tatopa nkutunga kunyanja kumene kuli ng'ona ndi likodzo, palibe amene angawauze kuti bwererani kwanu. Kwa apongozi pitani ndi ankhoswe, nkhuku m'manja. Simukukapepesa chifukwa chofuna chilungamo. Mukukawauza kuti zidzukulu zawo ndi zimene mukuzilirira, ndi kuti simunafune kuchititsa manyazi banja limene linakupatsani malo.

FUNSO

Aphunzitsi, ine anandisankha kukhala wachiwiri kwa wapampando wa VDC chifukwa alangizi anati pakhale amayi. Koma kukabwera alendo ine amandituma kukaphika, ndipo mapepala amandibweretsera kunyumba kuti ndisaine zokambirana zitatha. Bambo a kunyumba akuti azipita ndi iwo m'malo mwanga poti ine ndimachita manyazi. Nditule pansi?

Mayi wa ku Namwera

YANKHO

Achemwali, musatule. Zimene akukuuzani bambowo ku India zili ndi dzina lake, sarpanch pati, kutanthauza mwamuna wa wapampando, amene amayendetsa khonsolo mkazi wake ali kukhitchini ngakhale wosankhidwa ndi mkaziyo. Mukalola kamodzi, anthu adzazolowera kupita kwa bambo, ndipo mayi amene adzabwere pambuyo panu adzapeza njirayo itapondeka kale.

Manyazi si mlandu, ndipo amachepa munthu ukadziwa zimene zili m'mapepala. Pepala lililonse limene simunalimve musaikepo dzina lanu. Ngati kuwerenga kumakuvutani, mwana wa sukulu akuwerengereni mokweza, kawiri, ndipo makalasi a sukulu ya kwacha musawanyoze. Dziwani kuti ndalama zikasowa, amene adzafunsidwe ndi amene anasaina, osati amene anakambirana.

Za kuphikazo, kambiranani ndi amayi anzanu a kumpingo kapena kumzikiti msonkhano usanafike, awiri atenge ntchito ya kukhitchini tsiku limenelo. Inu fikani msanga, anthu asanadzaze, mukhale pampando umene uli pafupi ndi wapampando. Konzekerani funso limodzi lokha, la chinthu chimene mukuchidziwa bwino kuposa abambo onse m'chipindamo, kaya ndi mjigo wowonongeka, kaya ndi mtunda umene amayi oyembekezera amayenda kupita kuchipatala. Bambo a kunyumba akafuna kubwera abwere, akhale kumbuyo ndi anthu ena onse. Mukatha msonkhano umenewo mundilemberenso, mundiuze funso limene munafunsa ndi amene anakuyankhani.